Mkaka Wofuna Kudekha

Pali zakumwa zina zimene sizifuna munthu wothamanga mtima. Chimodzi mwa izo ndi thandai, mkaka wosakaniza ndi amondi komanso zokometsera, womwe anthu a kumpoto kwa India amamwa pa chikondwerero cha Holi, kawirikawiri mu Marichi, kutentha kukamayamba. Dzinali likuchokera ku mawu a Chihindi otanthauza kuzizira.

Ine anandiphunzitsa ndi mayi ena achimwenye a sitolo ku Limbe. Lachisanu ndikaweruka ndimanyika amondi, nthanga za mavwende, njere za fennel ndi tsabola wakuda pang'ono. M'mawa ndimasenda amondiwo mmodzimmodzi, kenaka n'kusinja zonse m'kamtondo pamodzi ndi cardamom mpaka zitasalala ngati phala. Phalalo ndimalisungunula mu mkaka wowiritsa wothira shuga, n'kusefa pa kansalu koyera, n'kuika mu furiji. Ukamamwa, pakamwa pamazizira kaye. Katsabola kaja kamadzamveka pambuyo, kukhosi.

Vuto lake ndi mtengo. Malipiro a m'boma ndi amondi siziyendera limodzi. Mwezi ukafika pakati ndimatembenukira ku mtedza wathu wa chalimbana, wokazinga pang'ono. Mayi akunyumba amaseka, amati imeneyo si thandai koma phala la mtedza lovala suti. Sindilimbana nawo.

Chimene ndimasinjirabe ndi ana. Anazolowera zakumwa za m'botolo, zongotsekula n'kupapira. Lero Loweruka likafika amalimbirana kamunsi, ndipo wamng'ono amadzuka usiku kukasuzumira ngati amondi afufuma. Agogo awo ankadikira thobwa chimodzimodzi.