Khutu la Mwana Wanga

Chaka chimene mwana wanga wachiŵiri adalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, ndidachita manyazi aakulu. Anthu pano pa Kapondo ankanong'onezana kuti, "Aphunzitsi alephera kuphunzitsa wao yemwe." Mnyamatayo atayamba kuthandiza pa chigayo ndidakwiya koposa, ndipo kwa miyezi ingapo sitinkayankhulana bwino.

Tsiku lina ndidapita kukagayitsa chimanga, ndipo ndidapeza mwini chigayo akudandaula kuti injini ikumwa dizilo wambiri ndi kutulutsa utsi wakuda. Mwana wanga adatenga sikuludiraiva yaitali, nagunditsa nsonga yake pa injiniyo, chogwirira nachitsamiza kukhutu. Adatsinzina, namasuntha pang'onopang'ono. Kenaka adati, "Bambo, tabwerani mumve." Pamalo oyamba ndidamva kugogoda kolongosoka, koma pamalo achiŵiri kudali kofooka. Iye adati, "Nozolo iyi yatha. Ikungodontheza mafuta m'malo mowawaza ngati nkhungu, ndiye sakupsa onse." Ataisintha, utsi uja udaleka.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Amayi athu pogula mphika amayamba augogoda, pakuti wong'aluka sulira ngati wabwino. Ku Paris, m'chaka cha 1816, dokotala René Laennec adakulunga pepala ngati chitoliro kuti amve mtima wa wodwala, ndipo pamenepo ndipo padachokera chida chija madokotala amakoleka m'khosi. Amakaniko nawo ali nacho chao, cha nsonga yachitsulo.

Lero mnyamata uja ali pa fakitale ina ku Kanengo, ndipo chida chake n'chamagetsi. Adandilongosolera kuti khutu la munthu silimva kulira kumene kumanjenjemera koposa 20,000 pa sekondi imodzi. Mpweya kapena nthunzi ikamathaŵa pa kabowo kakang'ono ka paipi, imaliranso mopitirira malire ameneŵa, ndipo chidacho chimatsitsa kulirako kuti kumveke. Kabowoko kakapanda kutsekedwa, moto wophikira nthunzi umadya mafuta usana ndi usiku popanda phindu. Chidacho chimamvanso belingi youma isanaphe makina.

Makolo anzanga, akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndaimirira pamaso pa ana zaka zambiri ndikuwauza kuti, "Tcherani khutu," koma wanga yemwe sindidamfunsepo chimene mtima wake unkafuna. Madzulo a tsiku lija ndidamuitana pakhonde, ndipo iye ndiye adayankhula, ine ndili chete.