Kutsidya kwa Shire pa njinga yakapalasa: msewu wopanda galimoto uli ndi mtengo wake

Abale anzanga, ine si munthu wa maseweratu ayi. Njinga yanga ya Humber ndimangoyendera pakati pa Ndirande ndi Limbe basi. Koma mu Ogasiti 2023 mayi anga anandiitana nati, "Iwe, malume ako ku Makhanga madzi awapsinja kokwanira. Pita ukawauze asamuke, abwere kumtunda kuno. Pa foni amangondiseka." Ndinawerenga za m'thumba, sizinakwane. Ndinayang'ana njinga, nayonso inandiyang'ana. Basi ndinamanga kachikwama pa kaliyala, pampu, zigamba, guluu ndi chigubu cha madzi, ulendo unayambika tambala atangolira kachiwiri.

Amene munatsikapo phiri la ku Chikwawa pa minibasi mukudziwa mmene msewu uja umapindikira ngati njoka yomenyedwa. Tsono yerekezani muli pa njinga ya mabuleki achitsulo. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe chigwa chili pansi pa mamita 100, ndipo kutsika konseko kumachitika pa kamtunda kochepa. Manja anachita dzanzi ndi kufinya mabuleki. Penapake ndinatsika n'kumaikankha, manyazi ndinawasiya kunyumba. Koma pamene dzuwa linatuluka, ndinaima kukamwa kuli yasa. Chigwa chonse chinali poyera, Shire akunyezimira ngati lata latsopano, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ikubiriwira patali.

Pa Thabwa ndinasiya msewu waukulu wopita ku mlatho wa Kamuzu, ndinakhotera kumanzere, njira ya ku East Bank. Apa mpamene dziko linasintha. Phokoso la malole linatsala m'mbuyo. Phula linandiperekeza pang'ono kenaka linanditsanzika, kunatsala fumbi, miyala ndi mitsinje youma yodzaza mchenga yomwe imatsika m'mapiri a Thyolo. Kumanzere phiri laima ngati khoma, kumanja migwalangwa ndi milambe mpaka kudambo. Ola lathunthu limatha osakumana ndi galimoto. Zomwe umamva ndi belu la njinga, kulira kwa ng'ombe ndi ana akukuwa, "Moni bambo!"

Njinga ndiye zinali mbwee. Wina wamangirira matumba awiri a mpunga, wina mbuzi ikulira pa kaliyala, wina mtolo wa nzimbe wotalika kuposa njinga yomwe. Chapafupi ndi Livunzu tayala langa linaphwa, munga utalowa. Wokonza njinga pansi pa mtengo wa msawu anamata chubu mwachangu, uku tikucheza. Ndinamuuza kuti kunja azungu amalipira ndalama zambiri kuti akapalase njinga m'misewu yopanda galimoto, ati kupuma kumeneko. Mkuluyo anandiyang'ana kenaka anaseka mpaka misozi.

"Achimwene, abwere adzapume kuno mu Januwale," anatero. "Adzanyamule mayi wapakati pa kaliyala usiku mtsinje utadzaza. Akafika kuchipatala adzatiuze ngati apuma."

Ndinakhala chete. Chimene ine ndinkachitcha mtendere, mnzangayo amachitcha kuiwalidwa. Anawonjeza kuti andale a zipani zonse amaudziwa bwino msewuwu chisankho chikayandikira, mavoti akawerengedwa njira imawasokonekera.

Masana dzuwa la kuchigwa linandionetsa zakuda, chonsecho anthu ankati ino ndi nyengo yozizira, ndidzabwere mu Okutobala pomwe kutentha kumapyola madigiri 40. Ndinadya nsima ndi makakana wootcha pa Masenjere, ndinagona pa Fatima kwa mnzanga wa kusukulu. Madzulo tinakhala panja tikuyang'ana kumadzulo komwe kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh. David Livingstone podutsa ndi sitima yake mu 1859 analemba kuti anaonako njovu pafupifupi 800. Lero njovu kulibe, kwatsala dzina lokha, mvuu, ng'ona, mbalame ndi udzudzu woluma ngati uli ndi ngongole nawe. Mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, uja amati Ramsar.

M'mawa mwake ndinalunjika ku Makhanga. Malo ena njinga inandinyamula, malo ena ndinainyamula ndine paphewa. Mtsinje wa Ruo unasintha njira pa chigumula cha Januwale 2015, ndipo chichokereni nthawi imeneyo derali silinaone mpumulo: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Ndinaona nyumba zokwiririka mumchenga mpaka m'mawindo, ndi njanji yolendewera m'malere pomwe dothi linakokoloka. Njanji imeneyi ndi ija inalumikiza Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Ndili mwana tinkabwera kuno pa sitima kuchokera ku Limbe, mayi atatigulira nthochi pa zenera. Tsiku limenelo pa njanjipo pankadya mbuzi.

Malume ndinawapeza kudimba, akukumba mbatata. Nyumba yawo ya njerwa inapita ndi Freddy, ankagona m'kachisakasa ka mabango. Titadya ndinapereka uthenga wa mayi, mawu ndi mawu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatola mbatata imodzi yaikulu ngati mutu wa mwana naiika m'manja mwanga.

"Mphwanga, iyi ndathira feteleza?"

"Ayi malume."

"Madzi omwe anandigwetsera nyumba ndi omwewo anabweretsa dothi ili. Kuno ndimakolola kawiri pachaka. Kumtunda mukandipatsa malo omanga nyumba, chabwino. Nanga munda? Ndikadya chiyani, miyala? Nanga manda a amayi ndi abambo ndiwasiyira yani?"

Ndinawakumbutsa za anthu omwe anagona m'mitengo masiku angapo, ndi ena omwe sanapezeke mpaka lero. Ndinawakumbutsanso za chaka chomwe banja lonse linakhalira nyika za m'dambo. Sanakane. Anangoti, "Mantha ndili nawo, usaone ngati ndilibe." Tinakambirana mpaka mwezi unakwera. Pomaliza anavomera chinthu chimodzi: azakhali ndi adzukulu awiri azipita kumtunda mvula isanayambe, iwo azitsalira kudimba ndi bwato lomangirira pakhomo. Sizimene mayi anandituma, koma ndi zomwe ndinapeza.

Kubwerera sindinafune kudzera njira yomweyo. Ndinapita ku Chiromo, komwe Ruo amakumana ndi Shire, dera lomwe Bishopu Charles Mackenzie anafera ndi malungo mu Januwale 1862. Madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula mu 1997, ndipo pa Mtayamoyo tinaoloka pa bwato. Dzina lokhalo likukuuzani zonse. Njinga anaigoneka pakati, ine ndinakhala pa thumba la mbatata, mayi wina pambali panga akupemphera chamumtima. Wopalasa anati, "Manja m'kati, bambo, eni madzi ali pompano." Sindinafunse kuti eni akewo ndani. Titafika tsidya ndinamva agogo ena akuti "Takhuta", kuthokoza kwa Chisena, nanenso ndinabwereza ndi mtima wonse.

Kuchokera pa Bangula ndinakwera msewu wa phula kudzera pa Sorgin mpaka Ngabu. Apa dothi ndi lakuda bii, long'ambika ming'alu yolowa dzanja. Ndiye makande amenewa, omwe amabereka thonje ndi mapira. Ambiri sadziwa kuti dothi limeneli ndi mwana wa moto. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo nthaka inang'ambika kuno, chiphalaphala cha moto chinatuluka n'kuuma kukhala miyala yakuda yomwe ili m'zitunda za kumadzulo kwa Ngabu. Miyalayo pofumbutuka ndiyo inapereka mbali yaikulu ya makande. Chakumadzulo kwa Chikwawa, m'malire ndi Mozambique, kuli phiri la Salambidwe, lomwenso linabadwa ndi moto wa pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ngakhale chigwa chenichenichi ndi kumapeto kwa mng'alu waukulu uja wa Rift Valley: pansi panatitimira, mapiri a Thyolo anatsala m'mwamba. N'chifukwa chake mvula ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, olira amakhala a ku Makhanga.

Makande akauma njinga imathamanga ngati pa simenti. Koma anyamata a kabaza pa Ngabu anandichenjeza kuti mvula ikangowaza, matope amamatirira ku matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, mwini njinga n'kusanduka kabaza wa njinga yake.

Pa Dyeratu miyendo inandikana. Ndisanamizire, phiri lija sindinalikwere ndi njinga. Ndinaikweza pa lole ya thonje, ine pamwamba pa mabelo, mbatata za malume ndili nazo pamiyendo. Mayi atamva yankho la mlongo wawo anakhala duu nthawi yaitali. Kenaka anatenga mbatata ija, anaitembenuza uku ndi uku, nati, "Ikani madzi pamoto. Ndipo iwe, Novembala asanathe ubwererenso ukatenge anawo."

Njinga ndaigulira kale matayala atsopano.