Kwa Mkulu wa Mpingo Watsopano ku Zengeza

St Mary's, Chitungwiza

Wokondedwa mwana wa mlongo wanga,

Ku Zengeza si kutali, ndikanatha kukwera kombi n'kudzakuuza pamaso, koma ndafuna kuti mawu awa uwerenge uli wekha, popanda woti umuyankhe.

Tinakondwa mpingo utakusankha kukhala mkulu wa mpingo usanakwane zaka 40. Mowa sumwa, chakhumi sujomba, banja lako ndi laulemu. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikukuopera.

Tsiku lija unabwera kudzationa, unatifotokozera za mtsikana wa kwaya amene munamuimitsa mgonero chifukwa cha mimba. Chigamulocho sindikutsutsa. Chimene chinandilasa ndi nkhope yako: inali ngwee, mawu akutuluka mokoma ngati ukusimba za ukwati. Unatchula ndime ya lamulo, unatchula tsiku limene bwalo linakhala, koma nditafunsa kumene mwanayo akugona chimuthamangitsireni bambo ake, unangoti kakasi.

Kunyada kwa munthu wopemphera sikuoneka ngati tchimo, mwana wanga. Kumavala jekete ya Lamulungu, kumanyamula Buku Lopatulika kukhwapa. Woledzera amadziwa kuti waledzera, koma wodziyesa wolungama amagona tulo tabwino. Werenganso Luka 18. Mfarisi uja sananame: ankasaladi kudya kawiri pa sabata, ankaperekadi chakhumi. Chinamuwononga n'chakuti pemphero lake silikanatha kuima popanda wamsonkho woti amuloze chala. Tsono udzifunse ukagwada: kodi ukuuza Mulungu za iwe, kapena ukumupatsa lipoti la anthu ena? Mnzako akagwa, mumtima mumawawa kapena mumapepuka? Ndipo funso lovuta kuposa onse ndi ili: tsiku limene mtsikanayo adzabwezedwe ku mgonero, n'kudzakhala nawe benchi imodzi, kodi udzakondwa, kapena udzatsalira panja ngati mkulu wake wa mwana wolowerera uja wa mu Luka 15?

Ife a kuno tili ndi chifukwa chathuchathu chochenjerera. Makolo athu anachoka ku Nyasaland wapansi kudzagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi a fodya ndi m'makhitchini a azungu. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anabwera ku Salisbury kudzawasonkhanitsa, ndipo mu 1965 mipingo yawo inakhala sinodi ya CCAP payokha. Kunja ankatitcha mabwidi, anthu opanda mutupo. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira konkuno alibe kwawo, mpaka malamulo a dziko a 2013 anayamba kukonza zinthu. M'zaka zonsezo tchalitchi ndiye anali malo amene wophika wa mzungu ankatchedwa "abambo". Koma munthu wonyozedwa amafunafuna pomwe angakwezere mutu, ndipo ambiri a ife tinapapeza pa kusunga malamulo. Tinayamba kudzitonthoza kuti ife si a gule wamkulu, ife si apositoli ovala zoyera opemphera kuthengo, ife tili ndi dongosolo. Chitonzo chimene tinalandira kunja tikuchigawira abale athu m'kati mwa nyumba ya Mulungu, ndipo zimenezi zimandipweteka kwambiri.

Usandimve molakwa. Zolamulira za mpingo n'zofunika, ndipo mkulu woopa kudzudzula ndi wopanda ntchito. Koma chilango cha mpingo anachiika kuti wochimwa abwerere, osati kuti otsala amve kuyera. Yesu mu Mateyu 23 sanaletse Afarisi kupereka chakhumi cha timbewu ndi katsabola. Anawadzudzula chifukwa chotaya chilungamo, chifundo ndi chikhulupiriro. Ndikufunsenso: mnyamata wopereka mimbayo, bwalo linamuitana? Lamulo likamagwira okhawo amene tchimo lawo limaonekera pamimba, pamenepo pali tsankho.

Uziyang'anitsitsanso machimo amene umawalalikira mokweza. Kawirikawiri amakhala aja amene sakuvuta iweyo. Za mowa ungalalike mpaka mawu kusasa, poti sunaulawepo. Nanga ukali umene ana ako amauopa ukamalowa pakhomo? Nanga kuwawidwa mtima abusa akayamika mkulu wina osakutchula? Zimenezo sizifika ku bwalo, koma Mulungu amaziona.

Loweruka lino utenge mayi a kunyumba, mukamufunefune mtsikanayo. Musatenge buku la malamulo. Mutenge ufa ndi sopo, mufunse ngati wayamba sikelo, ndipo mupemphe amayi a Chigwirizano awiri kuti azimuyendera. Kwa bambo ake upite wekha, ukalankhule nawo mwaulemu, chifukwa nawonso manyazi awapanikiza. Ukatero ubwere udzandiuze mmene mwayendera.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana onse.

Ine malume ako.