Kalata kwa mdzukulu wofuna kukhala katswiri wa piyano

Wokondedwa mdzukulu wanga Chisomo,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cuambako. Kuno ku Amaramba tonse tilipo, ndipo agogo ako aakazi akupereka moni. Mayi ako andiuza kuti ukamaliza kalasi 12 ukufuna kupita ku Maputo kukaphunzira piyano, kuti udzaziimba nyimbo za Mozart ndi Chopin m'maholo akuluakulu. Iwo mtima uli m'mwamba, akuti ndikuletse. Ine sindikuletsa, koma tchera khutu.

Kutchalitchi amakutama, ndipo sanama, mphatso uli nayo. Koma kiyibodi imene umaliza Lamulungu si piyano. Ija ili ndi makiyi 61 opepuka, ndipo ukadina batani imadziimbira yokha ng'oma. Piyano ili ndi makiyi 88 olemera, m'kati mwake muli tinyundo tomenya mawaya. Kuti ilire mofuula kapena monong'ona, zimatengera mphamvu ya chala chako. Komanso iwe umaimba zimene khutu lagwira. Ku Maputo adzakupatsa pepala la nyimbo yolembedwa pamizere, dzanja lamanja zake, lamanzere zake, uwerenge zonse nthawi imodzi. Ukafika, vomera kuyambira pansi limodzi ndi tiana. Usachite manyazi, safunsa anadya phula.

Anthu amaona woimba atavala bwino, akuwomberedwa m'manja. Saona maola amene amakhala yekha m'chipinda tsiku ndi tsiku, kubwereza kachigawo kamodzi mpaka msana kuwawa. Iwe wakulira panyanja, ukudziwa kuti ukonde umene sunasokedwe masana sugwira nsomba usiku. Maria João Pires, mayi wa ku Portugal wobadwa mu 1944, anayamba kuimba pagulu ali kamwana. Tsiku lina ku Amsterdam anakhala papiyano atakonzekera nyimbo ina ya Mozart, gulu loimba naye n'kuyamba nyimbo inanso ya Mozart yemweyo. Anagwira njakata kwa kanthawi, koma nthawi yake yolowa itakwana anaiimba yonse pamtima. Chinamupulumutsa ndi thukuta limene anakhetsera nyimboyo kale, popanda womuona. Dzifunse bwino: chimene ukukonda ndi kuwomberedwa m'manja, kapena piyanoyo ngakhale pamene palibe womvera?

Ena adzakuuza kuti wachedwa. N'zoona kuti akatswiri ambiri amayamba asanakwane zaka 10, ndipo udzapikisana nawo. Koma taona Girma Yifrashewa wa ku Ethiopia, wobadwa mu 1967. Ali mwana ankaliza kirar, choimbira cha nsambo cha kwawo, ndipo piyano anaiyamba ali ndi zaka 16 pasukulu ya nyimbo ya Yared ku Addis Ababa. Anapita ku Sofia, ku Bulgaria, koma boma la kumeneko litasintha thandizo la sukulu linaduka, maphunziro n'kuima. Anapirira mpaka atapeza omuthandiza, anabwerera kusukulu, anamaliza, ndipo mu 1995 anabwerera kwawo kukaphunzitsa. Lero amaimba m'maiko ambiri, ndipo anthu amamukondera nyimbo zimene anapeka yekha potengera maimbidwe a kwawo. Nawenso usataye mangolongondo amene unkamva kumunda uli mwana, kapena nyimbo zimene amayi amaimba posinja. Oimba Chopin ndi ambiri padziko, koma wodziwa kuika maimbidwe a ku Niassa papiyano adzakhala ndi chuma chakechake.

Tsono za ulendo. Ku Maputo kuli Escola Nacional de Música, ndiponso Yunivesite ya Eduardo Mondlane imaphunzitsa nyimbo. Kulinso Xiquitsi, ntchito imene inayamba mu 2013 motsogozedwa ndi Kika Materula, yophunzitsa achinyamata nyimbo zonga za Mozart ndi Chopin ndi kukonza makonsati. Usakwere sitima ya ku Nampula ndi maloto okha. Kuchoka ku Nampula kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 2,000, si kwa azakhali ako ku Mandimba kumene ungabwerere tsiku lomwelo. Uyambe walemba kalata, udziwe mayeso olowera, ndalama zofunika, kogona, ndiponso ngati adzakulola kugwira piyano tsiku lililonse. Wophunzira wosowa poyeserera amangotaya zaka. Ngati Maputo yakanika, funsa za Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kumene amaphunzitsanso nyimbo. Kudzera pa Chiponde si kutali.

Nkhani ya mimba usaiiwale. Amene amadya za makonsati okha ndi owerengeka, ngakhale ku Ulaya. Ambiri amaphunzitsa ana, kuimbira makwaya, kuliza m'tchalitchi ndi pamaukwati. Ntchito zimenezi usazipeputse, ndizo zidzakugulira ufa. Choncho mayeso ako a kalasi 12 ukhoze bwino, ndipo ukatenge pepala la uphunzitsi pamodzi ndi luso la zala. Zalazo uzisamale. Dzanja likayamba kuwawa, puma ndipo uuze mphunzitsi, usaumirire.

Ukabwera kutchuthi ubweretse mayankho a masukuluwa atalembedwa. Tidzakhala pansi ndi mayi ako ndi malume ako, tiwerengere limodzi ndalama. Zikaoneka zomveka, ine ndidzakhala woyamba kukuyankhulira. Pakali pano funafuna munthu wodziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa ku Cuamba komweko, uyambe sabata ino.

Ndine agogo ako aamuna.