Musanaulule za mumtima, funsani pepala

Ine sindine kaunsela. Ndili chabe ndi satifiketi ya ku koleji komanso mawu omveka bwino pa wailesi. Koma kuno ku Kanyama, ukakamba kawiri katatu za mavuto a achinyamata, anthu ayamba kukuitana "ba kaunsela". Ndisaname, dzinalo linali kundikondweretsa.

Usiku wina titatsiriza pulogilamu, mnyamata wina ananditumira foni. Anati ntchito inatha, wakhala masiku anayi osagona, ndipo saona chifukwa chokhalira ndi moyo. Ndinamuuza zimene tonse timauzana mu komboni: limba mtima, ndiwe mwamuna, pemphera, zizatha. Anati zikomo, nadula foni. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinali kudzifunsa kuti, nanga akapanda kufika m'mawa?

Mwamwayi kutacha anayankha. Ndinamuperekeza ku kiliniki, ndipo anamutumiza ku Chainama. Pambuyo pake anandifotokozera mafunso amene clinical officer anamufunsa. Kodi anakonza kale njira yodzivulazira? Akumwa mowa wochuluka bwanji? Kunyumba agona ndi ndani? Palibe ngakhale limodzi limene ine ndinaliganizapo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chifundo pachokha sichikwanira.

Munthu uja sanangodzuka ndi kuvala chikhoti choyera. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo pepala lowalola kugwira ntchito amalitenganso chaka ndi chaka. Manesi ali ndi bungwe lawo, Nursing and Midwifery Council of Zambia. Amene anaphunzira uphungu amalembetsa ku Zambia Counselling Council. Boma nalonso linasintha lamulo: Mental Health Act ya 2019 inalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949, limene linali kutchula odwala ndi mayina achipongwe.

Manje yang'anani mapepala omatidwa pa mitengo ya malaiti ku Matero kapena ku Chawama. Uphungu wa ukwati, wa mowa, wa nkhawa, zonse pa nambala imodzi. Ena mwa anthuwo ndi a mtima wabwino. Koma akakusokeretsani, kapena chinsinsi chanu chikamveka pa mpopi wa madzi, mukadandaula kwa ndani? Munthu wolembetsa anaphunzitsidwa kusunga chinsinsi, adziwa pamene nzeru zake zathera, ndipo ali ndi akulu amene angamufunse mlandu.

Sindinyoza alangizi, abusa kapena ambuya. Ndiwo amatigwira dzanja pa maliro ndi pa ukwati, ndipo ambiri a ife tikadagwa kale popanda iwo. Koma matenda a maganizo ndi matenda, monga shuga ndi BP. Minibasi sitikwera tikadziwa kuti dalaiva alibe laisensi, ngakhale atakhala wa ku tchalitchi kwathu.

Choncho funsani mwaulemu: munaphunzira kuti, ndipo munalembetsa kuti? Wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Ngati zavuta usiku, 116 ndi nambala yaulere ya ana, 933 ndi ya Lifeline.

Mnyamata uja masiku ano agulitsa ma charger ku City Market. Tikakumana amandiitanabe "ba kaunsela". Ndimamuyankha kuti iyayi mufana wanga, ine ndine wa pa wailesi chabe, ntchito yanga ndi kukuonetsa khomo.