Mpweya ndi petulo m'magalimoto amphamvu a ku America

Wokondedwa mphwanga,

Unafunsa chifukwa chake Ford Mustang yakale imatha kuyamba kutsamwa ikangoikidwa paipi yatsopano yokokera mpweya, chonsecho wogulitsa analonjeza kuti iwonjezera mphamvu. Nkhaniyi inayambira patali.

Injini ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. Mpweya ukatentherapo ndi madigiri 10 umapepuka ndi 3 peresenti, mphamvu nayo n'kutsika, ndipo pansi pa boneti ya V8 pamatentha ngati uvuni wa njerwa. N'chifukwa chake Pontiac, itatulutsa GTO mu 1964, chaka chotsatira inayamba kugulitsa zida za Ram Air zotsegula chibowo cha pa boneti kuti makabuleta ake atatu azipuma mpweya wakunja. Mu 1969 Ford inabwera ndi Shaker, kachipewa komangiriridwa ku injini, kosuzumira pa boneti n'kumanjenjemera. Chevrolet inaboola kumbuyo kwa boneti ya Camaro, m'munsi mwa galasi, pomwe mpweya umaunjikana galimoto ikamathamanga. M'chaka chomwecho kampani ya K&N ya ku California inatulutsa sefa ya thonje lonyowetsedwa ndi oyilo.

Kabuleta sinkavuta. Mpweya wodutsa pakhosi pake ndiwo unkayamwa petulo, ndipo ukachuluka makaniko ankangosintha majeti.

Kupopera petulo popanda kabuleta kunalipo kale, koma kunali kokwera mtengo. Corvette ya 1957 inali ndi makina a Rochester osagwiritsa magetsi, omwe anasiyidwa itatha 1965. Chrysler inayesa Electrojector ya Bendix mu 1958, koma inkafa kawirikawiri moti magalimoto ambiri anabwezeredwa makabuleta. Nzeruyo inakakhwimira ku Germany, komwe Bosch inaika D-Jetronic mu Volkswagen mu 1967. Kenaka lamulo la ku America lochepetsa utsi la 1970 ndi kusowa kwa mafuta kwa 1973 zinathetsa mpikisano wa injini zikuluzikulu. Mphamvu itayamba kubwerera m'ma 1980, petulo ankagawidwa ndi kompyuta.

Apa ndiye pagona funso lako. Kompyuta siona mpweya, imangomva zomwe masensa aiuza. Mustang ya malita 5.0 ya 1986 inkachita kuwerengera: sensa ya MAP inkayeza mphamvu ya mpweya m'manifodi, ina kutentha kwake, ina liwiro la injini, kompyuta n'kuyang'ana pa tebulo lolembedwa kufakitale. Sefa yatsopano inkapirira nayo, koma munthu akasintha camshaft kapena mahedi, tebulo lija linkanama, injini n'kumazima pamphambano.

Ford inasamukira ku sensa ya MAF, ku California mu 1988 ndi dziko lonse mu 1989. Mkati mwake muli kawaya kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo magetsi ofunika kuti katenthebe ndiwo amasonyeza kuchuluka kwa mpweyawo. Okonda kusintha injini anasangalala. Chevrolet inayenda chobwerera: Camaro ya Tuned Port Injection inayamba ndi MAF mu 1985, n'kuisiya mu 1990.

MAF nayo ili ndi malamulo ake. Imangoyeza kagawo kochepa ka mpweya, poganiza kuti paipi ndi ya kukula komwe anaiyesera. Ikaikidwa m'paipi yotakata imawerenga mochepa, petulo amaperewera, injini imagogoda, mwinanso pisitoni kupsa. Paipi yokhota pafupi nayo imavundula mpweya. Oyilo wochuluka pa sefa amamata kawaya kaja. Sefa yosiyidwa poyera pambali pa injini nayo imangomeza mpweya wotentha, vuto lomwe Pontiac inathana nalo mu 1965.

Lero eni ake a GTO ndi Chevelle ambiri akuchotsa kabuleta n'kuika zida ngati Holley Sniper, zooneka ngati kabuleta koma zokhala ndi majekita, MAP ndi kompyuta m'kati. Zimaphunzira zokha pomvera sensa ya okosijeni ya pa ekizosi, choncho ekizosi yobooka imazisokoneza. Zimafunanso pampu yokankha petulo pa 58 psi, pomwe kabuleta inkakhutira ndi 6.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.