Mpamba sadyera ndiwo

Tikamakamba za mabizinesi ang'onoang'ono, ambirife timathamangira kunena kuti vuto ndi mpamba. Zoonadi, mpamba ngofunika. Koma ine ndinakulira pa okala, ndipo ndinaona kuti kupeza mpamba n'kosavuta kusiyana ndi kuusunga.

Mayi anga ankagulitsa sopo, mchere, machesi ndi mafuta ophikira oyeza. Lamulo lawo linali limodzi: ndalama ya pa okala si ya ndiwo. Amalume akabwera n'kunena kuti, "Achemwali, tandipatsaniko shuga, ndilipira mwezi ukatha," mayi ankatenga kope n'kulemba iwo akuona. Pamudzi ankawanena kuti ngouma mtima. Komatu okala ya aneba athu, yomwe inali yodzaza kuposa yathu, inatsekedwa chifukwa cha ngongole za abale omwe sankalembedwa paliponse.

China chomwe ndaona chikukweza anthu ndi banki m'khonde. Mumasonkha sabata iliyonse, mumabwerekana, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu eni tsiku logawana. Wakatapila amadya phindu lako lonse, pomwe gulu limakudziwa, limakudikira, komanso limakuchititsa manyazi ukafuna kuthawa.

Foni nayo yathandiza. Lero mayi wa ku Area 25 amatha kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kwa mlimi amene amamukhulupirira ku Lizulu, tomato n'kubwera pa galimoto iye ali pa benchi yake akugulitsa. Ndalama yoyendera yapulumuka, tsiku silinapite pachabe.

Zilipo zina zomwe wabizinesi sangazithe payekha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri anagulitsa katundu pa mtengo wakale, ndipo popita kukapikula anapeza kuti ndalama yonse siikukwana katundu yemwe uja. Magetsi akazima, wometa ndi wowotcherera amangokhala manja lende. Msewu ukaipa nthawi ya dzinja, kabichi amawolera kumunda. Izi ndi za boma, ndipo tisamachite manyazi kuzifunsa.

Koma gawo lathu lilipo, abale. Tonsefe tili ndi mlongo, mlamu kapena mnzathu amene wayamba kageni. Tikapita kukagula tizilipira mtengo wonse, osayamba ndi mawu oti "ndine wakwanu". Kageni kaja kakakula, kadzalipira fizi ya mwana wathu yemwe.